Chipinda Chofunda cha Amayi

Ntchito yanga ndi yophwanya konkire. Musaseke, ndi ntchito ndithu. Omanga amandibweretsera zidutswa, ine ndimaziika m'makina opsinja mpaka zitaphwanyika, kenako ndimalemba nambala. Nambala ikakhala yaikulu, nyumbayo ndi yolimba. Ikachepa, tulukanimo msanga.

Zaka zinayi zapitazo kuntchito tinkayesa timibulu ta phula, longa la makandulo, tosakaniza mu simenti. Kukatentha, phulalo limasungunuka m'kati mwa timibuluto n'kumeza kutentha. Kukazizira limauma n'kubweza kutentha kuja m'chipinda. Titamaliza, matumba atatu anatsala ndipo abwana anati atayidwe. Ine, ndi nzeru zanga zoperewerazi, ndinapita nawo kunyumba, chifukwa amayi anali ndi nyamakazi ndipo nyengo yozizira ankalira nawo mawondo ngati mwana.

Bambo anga ndi mmisiri womanga, zaka makumi anayi ali pa fosholo. Nthawi imeneyo n'kuti akuwamangira amayi chipinda kuseri, chadenga la konkire.

"Bambo, izi n'za mu pulasitala basi," ndinawauza. "Ndowa imodzi pa ndowa khumi za mchenga. Osaika m'denga, mwamva?"

"Iwe, ndinayamba kukanya simenti usanabadwe," anandiyankha.

Pajatu amisiri akale ali ndi chizolowezi chawo: chinthu chikakhala chabwino amawonjezera fosholo ina, ati yachikondi. Ku simenti zimatheka, khoma limalimbadi. Koma bambo anaona matumba awiri atangokhala pakona, mtima unawapweteka. Anakhuthulira onse mu konkire wa denga kuti kutentha kusathawire kumwamba. Ine sanandiuze, angayerekeze?

Chipindacho chinafundadi, ndisaname. Amayi anagonamo zaka zitatu, n'kutisiya chaka chatha. Chichokereni kumanda bambo anasamukira momwemo, ndipo ngakhale chakudya amadyera momwemo.

Mwezi watha denga linachita mng'alu kuyambira pakhomo mpaka pawindo, fumbi n'kumagwera pabulangete. Ndinabwereka choboolera, n'kuchotsapo zidutswa zitatu, n'kupita nazo kuntchito. Konkire wabwino akamaphwanyika m'makina amalira kuti phwaa, mpaka umadzidzimuka. Wa bambo sanalire n'komwe, anangonyenyeka ngati buledi wadzana. M'kati munali timaenje tokhatokha, poti timibulu tija n'tofewa ndipo simenti siigwirana nato. Nambala sinafike ndi theka lomwe la yofunikayo. Ndinaika chachiwiri, ndinaika chachitatu, ngati kuti makina angandimvere chisoni. Kenako ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, ovolosi ili m'thupi.

Masana omwewo ndinawapeza bambo atakhala pabedi, akusoka nsapato.

"Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?" ndinakalipa ndisanapereke ndi moni womwe.

"Unandiuza, mwanawe."

Abale inu, ine ndimafuna atsutse kuti tikangane, mkwiyo undichoke. Koma anangosiya nsapato ija n'kunena motsitsa mawu, "Zaka zitatu amayi ako sanalire ndi mawondo. Ankadzuka okha, osagwira khoma."

Ndinatulutsa kachidutswa m'thumba n'kuwapatsa.

"Tikaika mizati iwiri pakati?" anafunsa.

"Bambo, konkireyu ngofooka paliponse. Madzi ayamba kale kulowera mumng'alumo, zitsulo zikudyeka. Mvula ikubwerayi dengali lidzakugwerani muli mtulo. Ndinaika kale amayi, sindifuna kudzakufukulani inu."

Anafinya kachidutswa kaja ndi zala ziwiri, ndipo kanasanduka mchenga m'manja mwawo. Mmisiri sauzidwa kawiri. Anayang'ana kudenga.

"Usaitane anthu a makina," anatero. "Ndinamanga ndekha, ndigumula ndekha. Uuze mlamu wako andibwereke hamala yaikulu ija."

"Chabwino, Bambo. Tiyeni titulutse katundu."

Tinatulutsa bedi, mpando ndi wailesi. Nditati nditseke chitseko, ndinaona kuti kuseri kwake, pamsomali, pali juzi ya amayi yobiriwira, manja ake adakali opindidwa mmene ankapindira akamatsuka mbale. Bambo anali ataima panja, atafulatira.

"Imeneyo uchotse ndiwe, mwanawe," anatero. "Ine ndayesa chaka chathunthu."