Chiuno chimene chinkakula mufoni

Mayi anga ndi atelala, ndiye diresi ya mkwatibwi wina inatuluka ngati tenti kkkk. Nsalu yotsala inali yokwana diresi imodzi basi, ukwati Loweruka, ndipo azakhali a mkwatibwi ananeneratu kuti ikalakwikanso banja lawo lonse lisiya kusoketsa kwathu.

Wolakwa ndinali ine. Ndinalemba kapulogalamu pafoni ya mayi kosunga miyezo ya makasitomala. Ukalemba dzina kamakuonetsa chiuno.

"Iwe, mkwatibwi uja m'mawa anali 78, pano 84," anatero mayi. "Akudyera mufonimu?"

Achimwene akuti mwina ndi woyembekezera, mayi anawagenda ndi choko kkkk

Tinaitana aneba athu, amayi ena ake ophunzitsa kompyuta. Anangopempha pensulo ndi pepala la patani, n'kundiuza nditsegule zomwe ndinalemba.

"Kagawo ka pulogalamu koonetsa chiunoka kamalandira chiyani, mwanawe?"

"Dzina."

"Kamabweza chiyani?"

"Nambala."

"Kamasintha chiyani?"

"Palibe."

"Werenga mokweza, mzere umodziumodzi, chala chili pomwepo."

Mzere wachinayi ndinangoti ayiii. Kamawonjezera masentimita awiri a msoko, kenako n'kusunga nambala yatsopanoyo pamalo pa yakale. Ukangoyang'ana, chiuno chakula! Mayi poti ndi osamala amayang'ana kanayi asanadule kkkk

"Komatu nditayesa zinali bwinobwino," ndinatero.

"Unayesa kangati?"

"Kamodzi."

"Eya. Kompyuta inangoona kuti kwalowa dzina, kwatuluka nambala, n'kuvomera. Zoti kamasintha zinthu mobisa palibe anaiuza."

Tinagawa kagawo kaja pawiri. Kena kongowerenga, kena kosintha, n'kulemba pamwamba pa kalikonse ntchito yake, moti kongowerengako kakati kasinthe nambala kompyuta imakana. Papepala tinatsata mzere uliwonse mpaka tinatsimikiza kuti palibenso chobisala.

Muyezo wakale unali utawonongeka, ndiye mkwatibwi anabweranso kudzayezedwa ndi tepi, 76. Mayi anayang'ana pafoni kakhumi dala, lumo ali nalo m'manja. Ndi msoko 78, 78, 78, osasuntha. Anadula. Lachisanu diresi inakwana ndendende, azakhali aja mpaka kusiya nsalu zina zitatu.

Anzanga olemba mapulogalamu, kagawo kalikonse kazinena poyera zomwe kamasintha. Kongowerenga kazingoyankha basi. Ndipo musadalire kuyesa kamodzi, khalani pansi ndi pensulo, mutsate mzere uliwonse munthu asanadule nsalu ya eni ake.