Foni ya Wokhoma Mabokosi

Nkhaniyi anandiuza ndi wometa tsitsi wina wa padepoti, lumo lili pakhosi panga, ndiye sindinatsutse.

Akuti panali mmisiri wokhoma mabokosi a maliro. Anthu ankangowatchula kuti Bambo Mulingo, poti akamakupatsa moni maso awo amakhala akukuyeza. Mwana wawo wamkazi, wokwatiwa kutali, anawagulira foni kuti aziona zithunzi zake pa intaneti. Koma mkuluyu, potengera ntchito, chala chinkangoima pa mauthenga a maliro. Foni inagwira msanga zomwe ankakonda kuona. Mwezi usanathe inkawaonetsa maliro okhaokha, ngakhale a anthu a kutsidya kwa nyanja.

"Mayi a mwana, dziko latha," ankatero akupala thabwa. "Tatsala awiri."

"Bodza limenelo! Foni yanga ikuti anthu onse akukwatirana," ankayankha akazi awo, telala wa madiresi aukwati.

Kenaka mwana uja anabereka. Anaika zithunzi za khanda kamodzi, kawiri, kakhumi. Foni ya bambo inaona kuti mulibe mtembo, n'kubisa. Ya mayi inaona kuti mulibe mkwatibwi, n'kubisanso. Poona kuti makolo ake ali zii, mwana wawoyo anapsa mtima, kuwaimbira n'kukana: ati agogo sachita kuwapempha kudzaona mdzukulu, akapanda kubwera aiwale zoti anabala.

Mkamwini ndiye anatulukira nzeru. Anagoneka mkazi wake chagada, maso otseka, maluwa pachifuwa, n'kujambula, n'kuika pa intaneti. Chithunzi chinafika pa foni ya Bambo Mulingo mkamwiniyo asanatsitse n'komwe dzanja.

Bambo Mulingo analira chokweza, koma ntchito ndi ntchito. Anayeza mwana wawo ndi tepi pagalasi la foni, misozi ili mbwembwembwe, ndipo koyamba m'moyo wawo anaphonya: bokosi linatuluka lotalika mkono umodzi. Analikulunga m'nsalu, n'kukwera basi.

Atafika anapeza malemu ali pakhonde, akuyamwitsa.

"Ababa, mwakumbuka lero kuti muli ndi mwana? Nanga mwanyamulacho n'chiyani?"

Mkulu uja anayang'ana malemu, anayang'ana khanda, maso n'kuyeza okha. Anakankhira chivundikiro kuseri ndi phazi.

"Kabedi ka mdzukulu wanga, amayi."

Akuti khanda linakwanamo ndendende.

Za foniyo ndikuvomereza, poti yanganso imangondionetsa mabasi, za abale anga zii. Koma zoti mayi angagoneke khanda lake m'bokosi lotere, ayi, ndikukayika. Pamenepo wometa uja anathira mchere.