Ulendo wa Awiri wa ku Portsmouth

Anastasia ankafuna chinthu chimodzi basi: masiku awiri ali yekha ndi mwamuna wake. Popanda mlamu, popanda msuweni wa mlamu, popanda situdenti wongofika kumene kuchokera ku Zomba, uja amati angogona masiku atatu koma n'kutha miyezi isanu ali pasofa. Awiriwiri, iye ndi Chiukepo.

Munali mu 1996, ku Mangalande. Iye anali nesi, ankagwira manaiti, ntchito ya usiku, pachipatala cha ku Walsgrave, pomwe Chiukepo ankalawirira kukakwera sitima ya ku Birmingham kumene ankagwira ntchito yokonza makompyuta. Ankakumana pakhomo, wina akuvula nsapato wina akuvala. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ali paukwati, Anastasia anayamba kukayika ngati panatsala banja, kapena panangotsala anthu awiri olandira alendo m'nyumba imodzi ku Coventry. Zinkamuwawa kwambiri, ndipo ankafuna akadzionere yekha kumalo kopanda wina aliyense.

Anasinthana mashifiti ndi anzake mpaka anapeza ofu ya wikendi yonse. Anagula matikiti otchipa a basi ya ku Portsmouth, n'kubukitsa kachipinda kotsika mtengo pafupi ndi nyanja. Lamulungu akawolokera pachilumba cha Wight, n'kubwerera madzulo. Zakudya adzanyamula za kunyumba.

"Koma chonde, a Chiukepo, musauze munthu," anatero.

Ha! Kuuza Chiukepo chinsinsi n'chimodzimodzi kuuza wailesi. Lamulungu la ulendo usanafike, pamapemphero a Amalawi, bambo uja anaimirira nthawi ya zolengeza n'kupempha mpingo wonse kuti uwapempherere aziyenda bwino popita ku Portsmouth.

"Ndangopempha pemphero, sindinauze munthu," anadziteteza ali m'njira.

Aliyense amadziwa kuti Mmalawi sapita kutali chimanjamanja. Pofika Lachinayi, anthu anayamba kugogoda. Mayi Zainab a ku Nuneaton anabwera ndi jumbo ya usipa yoti ikafike kwa mwana wa mchemwali wawo. A Saulos anayendetsa galimoto kuchokera ku Telford ndi katoni yomangidwa ndi chingwe, ya m'bale wawo wina. Ndipo Chiukepo anakumbukira yekha kuti Ackson, mnzake wa kusukulu, amakhala komweko, ndiye zingatheke bwanji kudutsa osamupatsa moni? Anastasia anali atalongedza kachikwama kamodzi kokhala ndi diresi yatsopano. Loweruka anakwera basi ngati anthu osamuka, usipa ukununkha mpaka mzungu wa mpando wakutsogolo anasuntha.

Anafika ku Portsmouth dzuwa lili paliwombo. Nyanja anangoiona pang'ono pakati pa nyumba ziwiri, Chiukepo ali kale patsogolo ndi kapepala ka maadiresi.

"Tingosiya katunduyu, faifi minitsi, kenako tsiku lonse ndi lathu."

Faifi minitsi ya chiyani! Mungapereke katundu pakhomo n'kutembenuka ngati wa positi? Mwana wa usipa uja anawakhazika pabedi lake, anawira tiyi, n'kufunsa za munthu aliyense wa ku Nuneaton mmodzimmodzi. Kwa eni katoni anapeza nkhuku ili kale pamoto, ndipo kukana chakudya cha mwini nyumba ndi kumutukwana. Anadya. Pofika kwa Ackson nthawi inali itadutsa faifi koloko, ndipo mkazi wake Rabecca anali atayala mpunga, nyemba ndi nkhuku inanso. Anastasia anadya kachitatu, mimba itadzaza kale, mtima ukuwira.

Ndiye Ackson anafunsa kumene akagone. Atamva, anaika sipuni pansi.

"Mukagone kwa azungu ife tili pano? Achimwene, mukufuna anthu a ku Coventry atiseke? Ndipatseni nambala, ndikansele chipindacho ndekha."

Anastasia anaponda phazi la mwamuna wake pansi pa tebulo. Anaponda kachiwiri, mwamphamvu. Chiukepo anangomwetulira, n'kutulutsa kapepala m'thumba.

"Mwatithandiza, achimwene. Zikomo kwambiri."

Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi, choncho anagawana monga mwa nthawi zonse: azimayi kuchipinda, azibambo pabalaza. Anastasia anayenda ulendo wonse uja kudzagona ndi Rabecca, munthu amene anamudziwa tsiku lomwelo.

Kutacha anati tinyamuke, koma Ackson anati alendo sangachoke osaonekera kutchalitchi. Kutchalitchi anawaimiritsa, anawaombera m'manja, anawapempherera. Potuluka inali wani koloko, ndipo basi yobwerera ku Coventry inali ya sikisi.

"Tikuperekezeni pang'ono," anatero Ackson.

Kwathu woperekeza amafika pamphambano n'kubwerera. Ackson anafika pasiteji, Rabecca ali pambuyo pake, n'kukwera nawo basi ya m'tauni. Anatsika nawo padoko. Analowa nawo pamzere wa matikiti a feri, sitima yowolotsa anthu kupita kuchilumba, ndipo Anastasia anamumva ndi makutu ake akuuza Chiukepo kuti, "Tigule anayi. Inu nokha mukasochera, ine chilumbachi ndimachidziwa."

Apa mpamene zinamukwana. Anagwira Rabecca padzanja n'kumukokera pambali, pafupi ndi chikwangwani cha nthawi za feri. Manyazi anawaika pansi.

"Asisi, ndithandizeni. Mwatilandira bwino, Mulungu akudalitseni. Koma ine zaka zitatu sindinakhalepo ndi mwamuna wanga awiriwiri. Banja langa likundithera m'manja ndikuona. Ndatsala ndi maola anayi okha."

Rabecca anagwira mutu ndi manja onse awiri n'kukuwa mpaka azungu anacheuka.

"Mayo ine! A Ackson, ndasiya nyemba pamoto! Nyumba ya eni ipsa!"

"Nyemba zanji? Si tinadya dzulo?"

"Zina! Tiyeni!"

Anamukoka malaya mpaka kunja, Ackson akubayibitsa uku akupunthwa.

M'feri Chiukepo anayamba kudandaula. Ackson akanawaonetsa malo, Ackson amadziwa kogula chipisi chotchipa, mwina Ackson wakhumudwa.

"Tamverani," anatero Anastasia. "Kuyambira pano mpaka tibwerere, musatchule dzina la munthu. Ngakhale limodzi. Mulankhule ndi ine."

"Basi? Zosavuta zimenezo," anaseka Chiukepo.

Anatsikira ku Ryde, n'kuyenda wapansi pamlatho wautali wamatabwa wochokera padoko kukafika kumtunda. Mphepo inkalowa mpaka m'mafupa, ndipo diresi yatsopano ija inabisika m'kati mwa jekete. Anapeza benchi moyang'anana ndi madzi, natulutsa masangweji a Lachisanu amene tsopano anali atauma gwa.

"Mukudziwa kuti a Saulos aja..." Chiukepo anayamba, n'kudzigwira pakamwa.

Anatafuna pang'ono.

"Galimoto ija akuti akugulitsa a... ayi, pepani."

Anayang'ana nyanja, anayang'ana nsapato zake.

"Kukuzizira," anatero.

"Eya, kukuzizira."

Zinathera pomwepo. Munthu amene amaseketsa ukwati wonse, amene amachedwetsa mapemphero ndi nthabwala, anakhala duu ngati wabwera pamaliro a munthu wosamudziwa. Mbalame za kunyanja zinkalira, agogo awiri achizungu anadutsa ndi galu. Anastasia anayamba wapsa mtima, akufuna kumugenda ndi sangweji. Koma mphindi zitachuluka, mkwiyo uja unasanduka mantha. Nayenso anafufuza m'mutu mwake choti anene, ndipo chilichonse chimene anapeza chinali cha odwala ake, cha alendo a pasofa, cha abale a kumudzi. Chake ndi Chiukepo panalibe.

Patapita pafupifupi theka la ola, Chiukepo analankhula osamuyang'ana.

"Zimenezi ndi zomwe ndimaopa. Pakakhala anthu ndimadziwa chochita. Tikatsala awiri ndimaona ngati muzindikira kuti munakwatiwa ndi munthu wopanda nkhani."

"Ndiye mumadzaza nyumba kuti ndisazindikire?"

"Mwina."

Anastasia anafuna kukalipa, mawu anali okonzeka kale kuyambira Lachinayi. Koma mwamunayo anatembenuka, n'kumuyang'ana m'maso koyamba pa ulendo wonsewo.

"Anastasia, kodi inu masiku ano mumakonda chiyani? Kale ndinkadziwa. Pano sindikudziwa, ndipo ndikuchita manyazi."

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe msanga, monga amachitira nthawi zonse. Amakonda chiyani? Tulo? Zaka zonsezi wakhala akudziwa amene sadya nkhumba, amene amafuna shuga zitatu mutiyi, amene amadana ndi anyezi. Za iye mwini sanazifunse, ndipo panalibe amene anamufunsa. Misozi inalengeza pomwe agogo aja ankabwerera ndi galu wawo, ndipo zinamukwiyitsa kuti akulira pamaso pa galu wa eni.

"Sindikudziwa," anatero.

Chiukepo anayang'ana wotchi, kenako kumapeto kwa mlatho kumene feri inali itayamba kukweza anthu. Anadzambatuka.

"Mayo! Tikaphonya iyi, basi ya sikisi yatisiya. Mawa ndili ndi miting'i, tithamange!"

Anastasia sanasunthe. Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, n'kugwira lamba wa mwamuna wake kumbuyo, kumukhazika pabenchi.

"Tigona kuti? Nanga kuntchito ndikanena chiyani?"

"Mudzaimba foni kuti mwadwala. Ine ndine nesi, ndikuchitirani umboni."

"Koma feri ikupita!"

"Isiyeni ipite. Mwandifunsa funso, a Chiukepo. Khalani pansi mudikire yankho."