Kabowo ka pa Rediyeta

Mzime anapezanso kadziwe ka madzi obiriwira pansi pa njinga yake yamoto, mtima n'kumuwawa. Kumzinda wina galaja yaikulu inali itamulemba ntchito, ndipo kapitawo wa kumeneko anali atachenjeza kale kuti malo sadikira munthu. Koma akangolongedza chikwama, rediyeta inkayamba kudontha.

Azichimwene ake anauluka kalekale. Ntchito yawo inali kuimba foni n'kufunsa ngati bambo akudya, ngati kuti chakudya chimadziika chokha m'kamwa. Iye, mwana wamkazi womaliza, ndiye anatsala ndi kagalaja kopanikiza kaja komanso bambo ake, makaniko wakale, amene chigwereni sitiroko ankakhalira pachikuku. Azakhali anali atavomera kudzawasamalira, koma bambowo akamva nkhaniyo ankangoyang'ana khoma.

Mzime anagwiragwira mapaipi, anali ouma. Chivindikiro chinali bwinobwino. Ndiye anamasula rediyeta yonse, n'kutseka kukamwa kwake ndi mphira, n'kupopamo mpweya, n'kupaka thovu la sopo monga bambo ake anamuphunzitsira ali kamtsikana. Thovu linafufuma pakati penipeni, pambali pa chigamba chimene anamata ulendo watha.

Anayang'anitsitsa. Mwala wa pamsewu ukamenya rediyeta umapinda timapiko take. Apa panalibe chopindika, kabowo kanali kozungulira, kaukhondo, kobowoledwa ndi munthu wodziwa pobowola. Atayang'ana pansi anaona mizere iwiri ya matayala opyapyala pafumbi, yochokera kukhomo la chipinda cha bambo ake n'kudzathera pamene pankaima njinga.

Anakhala pathayala lakutha kwa kanthawi. Kenako anapala pakabowopo ndi sandipepa, n'kumata guluu wa zitsulo. Ataumitsa anabwezeretsa zonse, n'kuthira madzi, n'kuliza injini mpaka itatentha. Sipanagwe ngakhale dontho. Njinga inali yokonzeka kupita kulikonse.

M'chipinda anapeza bambo ake ali pawindo. Pansi pa bulangete la pamiyendo pawo pankasuzumira sipoko ya njinga yosongola.

"Yasiya kudontha?" anafunsa bambowo, mawu akukokeka.

"Yasiya, bambo."

Mzime anasolola sipoko ija. Bambowo sanakane, sanapepesenso. Anangogwira mkono wake ndi dzanja limodzi lomwe linkagwirabe ntchito.

"Azakhali akowo sadziwa kunditembenuza, mwanawe."

Mzime anayang'ana chikwama chake chili pakona, chomanga kale. Anafuna kukalipa, anafuna kunena kuti nayenso moyo wake ndi umodzi. M'malo mwake anapukuta sipoko ija pa ovolosi yake n'kuibwezera pansi pa bulangete.

"Ulendo wina muzibowola cham'mbali, bambo. Pakatipa pamavuta kumata."