Mabuloko Atatu a Pakhomo

Maggie Nkole anapenta nyumba yake ya ku Kanyama masiku awiri, mpaka mikono inakana. Musaganize kuti ankakongoletsa, ayi. Ankabisa mzere wakuda umene madzi osefukira amasiya pakhoma chaka chilichonse, chifukwa Lachinayi kunkabwera woyesa mtengo wa nyumba. Wogula, mwini sitolo wa ku Kamwala, anali atanenetsa kuti salipira ngakhale ngwee imodzi popanda pepala la woyesayo. Ndipo popanda ndalamazo Enos, mwamuna wa Maggie, amene anali gone pamatiresi ndi chotupa m'mimba, sakanachitidwa opaleshoni.

Woyesayo anafika, mtsikana wowonda dzina lake Karen Mwape, tepi yoyezera ili m'manja. Anayang'ana malata, anagogoda makoma, anayamikira penti. Mtima wa Maggie unayamba kukhala pansi. Koma pofuna kulowa, mtsikanayo anakweza mwendo ngati akukwera minibasi, n'kuima.

Ha! Penti yonse ija, Maggie n'kuiwala khomo lenilenilo. Enos anali mmisiri womanga, ndipo madzi akalowa m'nyumba ankawonjezera mzere wa mabuloko pakhomo. Tsopano mizere inali itatu. Iwo anali atazolowera kudumpha, mpaka sankaiona n'komwe.

Karen anayeza kampandako ndi tepi.

"Amai, ine ninakulira pafupi pano," anatero motsitsa mawu. "Madzi yamafika apa, si ndiye?"

"Ba Karen, ni nkhuku chabe. Zimalowa m'nyumba."

"Nkhuku za mabuloko yatatu, amai?"

Maggie anagwada pansi, mayi wamkulu wathunthu, n'kugwira siketi ya mwana woti akanam'bereka yekha. Analira osabisa. Anati alembe mtengo wa nyumba youma, Mulungu adzamvetsa. Karen nayenso misozi inalengeza, koma anati sangasaine bodza. Mtengo umene anatchula sunafike ngakhale theka la zimene chipatala chinkafuna. Anawalangiza kuti asagulitse, achititse lendi zipinda ziwiri zakumbuyo, pakatha chaka adzaona phindu.

Chaka! Dokotala anali atanena milungu itatu.

Karen atapita, Maggie anaimbira wogula uja, n'kumunamiza kuti woyesayo sanabwere, koma iye apeza wina Lolemba. Kenako anasolola hamala ya Enos kunsi kwa tebulo.

"Amake Tionge, mukuchita chiyani?" Enos anafunsa ali chigonere.

"Gonani, atate ake Tionge."

Mwamunayo ankamanga zolimba, mwatsoka la mkazi wake. Buloko loyamba linam'tengera Maggie ola lathunthu, zikhatho zikutuluka matuza. Pamene ankaswa mzere womaliza mphepo inatembenuka, azimayi oyandikana nawo n'kuyamba kuthamangira zovala pazingwe. Maggie anakweza maso. Cha ku Chawama kunali kutada bii.

Anayang'ana khomo lopanda kanthu, anayang'ana matiresi ali pansi, mwamuna wake ali pomwepo. Dontho loyamba linagwa pamalata.