Khadi la Asisi

Kufikira lero m'mawa ndinali ndisanauzepo munthu kuti khadi limene ndimapachika m'khosi polowa kudepoti ya gasi si langa. Ndi la asisi. Timafanana mpaka kampata ka mano, moti mlonda wa pageti amangoponya diso pachithunzi n'kundikodola.

Asisi ndiwo anachita maphunziro ogwirira ntchito pamalo pamene kamoto kakang'ono kangaphulitse nyumba yonse. Koma ntchito itapezeka, mimba inali itawagoneka. Alamu anati, "Kumeneko sakuwadziwa nkhope. Pita iweyo, sukulu wamaliza, ukungotha sopo pakhomo pano." Ine pakamwa mpolemera. Ndinangovala ovolosi.

Asisi anandilangiza ali chigonere. "Foni uzisiya pageti. Juzi ya nayiloni ayi, imathetheka. Zinazo uzikaonera anzako."

Ndinkangogubuduza masilinda, maso pansi, mpaka anzanga anandipatsa dzina loti Chete.

Ndiye lero nyali ya m'chipinda chodzaziramo gasi inazima. Kapitawo anabwera ndi ina m'katoni.

"Chete, khadi lako likuti zamagetsi unaphunzira. Kwera usinthe."

M'chipindamo munkanunkha gasi. Pansi pa nyali yozimayo amayi awiri ankamanga mavavu otsekera masilinda uku akusekana za apongozi awo. Nyali yakaleyo inali ndi galasi lochindikala ndi chidindo chosonyeza kuti inayesedwa, singayatse gasi. Yatsopanoyo ndinaitembenuza uku ndi uku, chidindo osachiona. Mwina chinalipo, ine osadziwa pochifuna. Ngakhale pozimitsira magetsi a chipindacho sindinkapadziwa.

"Ukuwerenga nyuzipepala pamenepo? Magalimoto akudikira!"

"Sindikwera."

"Ati chiyani? Anthuni, Chete walankhula! Anulani zovala, lero kugwa mvula."

Onse anaseka. Ndinaganiza za asisi, amene khadi lawo lilandidwe chifukwa cha ine, ndi za alamu, amene madzulo andilozere chitseko. Kenako ndinayang'ana amayi aja. Mmodzi anali atandigwirira kale makwerero, akumwetulira.

Ndinavula khadi lija n'kuliika pakatoni.

"Bwana, chiyang'anitsitseni chithunzicho. Amenewo ndi asisi anga. Ine sindinaphunzire kalikonse. Ndichotseni ngati mukufuna, koma waya ameneyo sindimukhudza. Ndipo amayiwa ayambe atuluka."