Buku Lopanda Matope

A Bonface Nankwenya anatsegula bukulo ali chiimire pakhonde la hotela, ndipo atangofika patsamba lachitatu analitseka msanga ngati aonamo chinkhanira.

"A Mkomba, tabwerani kuseri kuno."

Basil Mkomba anawatsatira mpaka pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi makutu. Linali Loweruka m'mawa, mu Okutobala 1987, ndipo bungwe la mainjiniya linali pa msonkhano wake wapachaka ku Makokola. A Nankwenya ndiwo anali mlembi wa bungwelo. Basil anali injiniya wa misewu ku Mangochi, ndipo masana a tsiku lomwelo amayenera kukaima pamaso pa akuluakulu atatu kuti amufunse mafunso.

Bungwe limeneli linali ndi masitepe. Pansi penipeni panali ana asukulu, kenako omaliza maphunziro, kenako mamembala okwanira, ndipo pamwamba pake madala aimvi amene ankakhala kutsogolo pamisonkhano. Basil anali atakakamira pa sitepe yachiwiri zaka zisanu ndi ziwiri. Zaka zisanu ndi ziwiri zathunthu, munthu wa ana atatu! Mlatho ankajambula yekha, kuyeza yekha, kupsa ndi dzuwa yekha, koma pulani inkayenera kupita ku Blantyre kuti akaisayine membala wokwanira amene mtsinjewo sanauonepo. Kawiri konse anayesa kukwera. Ulendo woyamba mafomu ake anasowa, wachiwiri komiti sinakwane. Tsopano kalata inali itabwera yoti chaka chikamatha mpando wa mkulu wa misewu m'bomalo upatsidwa kwa membala wokwanira, ndipo ngati iye sakhala wotero amutumizira wina wodzamulamulira.

Chofunika kuti munthu akwere chinali buku la ntchito: zaka zitatu za zonse zimene wagwira, tsamba lililonse losayinidwa ndi membala wokwanira amene anaona ntchitoyo ndi maso ake.

"Mwaona amene asayina masamba awa?" anafunsa a Nankwenya.

"Ndi a Willard Chisuwo. Ndiwo anandiyang'anira kuyambira 1981."

"Tsitsani mawu, bambo inu." A Nankwenya anacheuka uku ndi uku. "Munthu ameneyo anatengedwa ndi Landirova ya apolisi zaka ziwiri zapitazo, mpaka lero palibe akudziwa kumene ali. Ndiye inu mukufuna kukayala dzina lake patebulo, masamba makumi atatu, pamaso pa anthu ovala mabaji a chipani? Mwatopa nawo ana anu?"

"Nanga nditani? Ntchitoyo ndinagwira ndi iwowo."

"Ine ndikukuthandizani. Nali buku latsopano. Koperani zonse, ndikusayinirani ine isanakwane thiri koloko. Lakaleli lisapezekenso, ngakhale m'chikwama mwanu. Mukudziwa mmene amasechera pa rodibuloko."

Basil analandira buku latsopanolo mtima ukuwawa. Anafuna kukana, koma anakumbukira kalata ija.

Malo obisika olembera anawapeza kwa mlongo wake Keti, amene ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pahotelapo. M'kachipinda kake munali mbaula ya makala a simbi, ndipo kutentha kwake kunali kosasimbika. Keti anamuchotsera malaya a alendo pangodya ya tebulo.

"Achimwene, mwavala tayi kuti mudzalembe homuweki kuno kochapira?"

"Usandisokoneze, Keti."

"Ine ndimayesa mainjiniya onse ali uko akumwa tiyi wamkaka. Kapena tiyi ndi wa a sitepe yapamwamba okha?"

Basil anatsegula mabuku onse awiri. Anayamba kukopera: kalavati wa pa msewu wa ku Malindi, khoma loletsa dothi kugumuka pachitunda chokwera ku Namwera, mlatho wa pakamtsinje kuseri kwa msika wa fodya ku Namwera komweko. Buku lakalelo linali lonyansa zedi. Matope ofiira, madontho a dizilo, tsamba lina lofufuma chifukwa linagwera m'madzi. Ndipo m'mphepete monse munali inki yofiira ya a Chisuwo. Pena analemba kuti, "Wayeza madzi a chilimwe. Bwerera mu Febuluwale." Pena, "Usanakhulupirire mapu, funsa nkhalamba za pamudzi pamene madzi anafika chaka cha chigumula." Basil anakumbukira tsiku limenelo, a Chisuwo atapinda thalauzi mpaka m'mawondo, akucheza m'Chiyao chothyokathyoka ndi gogo wina amene anawaonetsa chipsera cha madzi pamtengo wa mkuyu. Mlathowo anaukweza mita yathunthu chifukwa cha gogoyo, ndipo unali chiimire.

Zofiirazo sanakopere. Zikanalowa bwanji m'buku la a Nankwenya?

Keti anasuzumira ali ndi simbi m'manja. Sukulu anailekera sitandade sikisi, koma dzina analiwerenga.

"Si bambo aja ankabwera kwathu ku Malindi, ankakonda utaka wowamba aja?"

"Ndi omwewo."

"Ndiye mukuwachotsa?"

"Sindikuwachotsa ine. Anawachotsa ndi ena. Ine ndikungofuna kusayina mapulani anga, kodi n'kulakwa? Anzanga amene ndinkawaphunzitsa masamu kukoleji lero ndi mabwana. Ine ndizingokhala mnyamata wa ku Mangochi mpaka imvi?"

"Ine ndangofunsa, achimwene. Ukali wa chiyani?"

Basil anamaliza itadutsa thu koloko, zala zitauma, malaya atanyowa ndi thukuta. Anatenga buku lakale nalitambasulira kwa Keti.

"Taponya pambaulapo."

Keti anapukuta manja pachitenje nabwerera m'mbuyo. "Moto ndi uwo, manja muli nawo. Ine ndimasita zovala."

Basil anayandikira mbaulayo. Kenako anang'amba chikuto, naponya masambawo pamakala, atatu atatu, kuti utsi usachuluke. Tsamba lofufuma lija linavuta kuyaka, mpaka anachita kulikankha ndi kamtengo. Keti anatuluka kukayanika mashiti amene anali atauma kale.

A Nankwenya anasayina masamba onse makumi atatu atatsamira pa boneti ya galimoto yawo, osawerenga ngakhale mzere umodzi.

Thiri koloko Basil analowa m'chipinda cha mafunso. Pakati pa akuluakulu atatuwo panali a Marko Kanjala, wapampando, dala wa sitepe yapamwamba amene anamanga misewu dziko lisanalandire ufulu. A Nankwenya anakhala pambali ndi kope lolembamo zokambirana. Mafunso oyamba Basil anawayankha bwinobwino, za konkire, za dothi lamchenga la m'mbali mwa nyanja, za madzi otsika m'mapiri a Namwera. Awiri aja ankagwedeza mitu. Mtima wake unayamba kukhala pansi.

A Kanjala ndiwo ankangotembenuza masamba pang'onopang'ono. Kenako ananyamula bukulo nalinunkhiza.

"A Mkomba, misewu ya ku Mangochi kuno mumamangira m'ofesi?"

"Ayi, bambo."

"Ine ndaona mabuku a ntchito zaka makumi atatu. Amabwera ndi matope, ena ndi mafuta, lina linabwera litadyedwa ndi mbuzi theka. Lanuli zaka zitatu, dzinja katatu, lopanda ngakhale kadontho. Bolopeni imodzi yomweyo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Muzitiuza kumene mumagula bolopeni zotere."

Wina anaseka pang'ono n'kudzigwira. A Kanjala sanaseke. Anatembenukira kwa mlembi.

"A Nankwenya, mwasayina kuti munaona mlatho uwu mu Juni 1982. Nthawi imeneyo munali kuti?"

A Nankwenya anaweramira pakope lawo. "Ndinali ku Ulaya, kusukulu, a wapampando."

"Maso anu ndi akuthwa."

"Anangondibweretsera, a wapampando. Ine pofuna kuthandiza mnyamata sindinayang'ane madeti."

Mnyamata! Basil anawayang'ana, koma iwo maso anali pakope, akulemba zosaoneka. Anafuna kufotokoza zonse, za pansi pa mango, za Landirova, za rodibuloko. Koma akanayamba bwanji osatchula dzina lija, m'chipinda chimene sankadziwa kuti khutu la boma ndi liti?

"Bukuli sitingalilandire," anatero a Kanjala. "Mukhalabe pa sitepe yomwe muli. Tikulemberani kalata."

Basil anatuluka panja. Anafika pamene anaimika njinga yake yamoto, naiponda kanayi osalira, ndipo ulendo wachisanu anangoimenya chibakera pathanki. Ali pomwepo anamva ndodo ikugogoda pamiyala. Anali a Kanjala, atatuluka ngati akupita kukataya madzi. Anaima pafupi naye, nkhope ataloza kwina, nayankhula motsitsa.

"Mlatho wa ku Namwera uja ndinauona. Ndi ntchito yabwino, ndipo ndikudziwa amene anakuphunzitsani. Ine ndi Willard tinayamba limodzi ntchito."

A Kanjala anapitiriza motsitsa momwemo.

"Lamulo lathu limati wosayina akhale membala wokwanira. Silinena kuti akhale ali panja pa ndende. Kawiri konse andiuza kuti ndifufute dzina lake m'kaundula, ine ndimangoti ndaiwala magalasi. Akadali membala. Nditaona dzina lanu pamndandanda ndinati, lero ndikaonanso dzanja la mnzanga." Anapumira. "Komiti ikhalanso mawa m'mawa tisanabalalike. Bweretsani buku lenileni, ndilisayinira kutsogolo ine mwini, awiri aja sangakane. Lili kunyumba?"

"Ayi, bambo."

"Lili kuti?"

"Ndalitentha."

A Kanjala anatembenuka, namuyang'ana koyamba m'maso.

"Liti?"

"Lero lomwe. Masana ano."

"Anakuuzani ndani?"

Dzina la a Nankwenya linafika pamilomo, ndipo silikanakhala bodza. Koma Basil anaona kuti silimuchotsera kanthu.

"Ndaponya pamoto ndi manja anga, bambo."

Dalayo anasisita mutu wa ndodo ndi chala. Mkwiyo sunaoneke pankhope pake, ndipo Basil akanakonda akanamukalipira.

"Mafayilo ake a ku ofesi anawatenga tsiku lomwe anamutengalo," anatero a Kanjala. "Kunyumba kwake sanasiyeko ngakhale kapepala. Ndimayesa zolemba zake zatsala kwa inu."

"Pepani, bambo."

"Musapepese ine. Muyambirenso zaka zitatu, mupeze wina wokuyang'anirani, ngati alipo wofuna kubwera kuno."

Anabwerera pang'onopang'ono kukhonde, ndipo asanalowe n'komwe, a Nankwenya anali ataima kale pakhomo akuitana dzina lotsatira.